Theka la Inchi

Ndinangopita kukapereka malaya,
khumi ndi anayi, obiriwira, manambala kumsana,
amene ndinasoka masiku atatu ku Mufakose
magetsi akabwera pakati pa usiku ngati mlendo wosaodira.
Ndinkafuna ndalama zanga, ndizibwerera.

Koma Rumbidzai anati aperewera munthu mmodzi.
Ndinati ine ndine telala.
Anati miyendo uli nayo.

Ndiye ndinavula nsapato pabwalo la sukulu ku Mount Pleasant,
tepi yoyezera idakali m'khosi,
n'kuyamba kuthamangitsa chimbale chapulasitiki
chonga chivundikiro cha ndowa.
Eni ake amati fulizibi.
Ukachiwakha, ima nji, usasunthe phazi,
wina ali pamphuno pako kuwerenga mpaka khumi
ngati mwini nyumba pakutha pa mwezi.

Kuponya kwanga koyamba kunathera mumpanda.
Kwachiwiri kunadzutsa alamu ya galimoto ya eni.
Sabata yachinayi mkono unakumbuka wokha:
si mmene ndimakutumulira nsalu ndisanadule?
Chimbale chinachoka phee, osagwedera,
ndipo ndinachiyang'ana mpaka kuiwala kuthamanga.

Kuyambira pamenepo Lachitatu lililonse
ndimatseka shopu dzuwa likadalipo,
makombi awiri, wina wokwerera pa Copacabana,
madiresi a ukwati wa eni akudikira pahang'ala.
Dzina langa analemba m'buku la ligi,
Ndaziona, analakwitsa chilembo chimodzi, ndinangosiya.

Bambo, amene anachoka ku Ntcheu ndevu zisanamere
nakalambira m'mafakitale a ku Workington,
anafunsa kuti woyimbira amakhala ndani.
Ndinati kulibe, wolakwa amanena yekha.
Anaseka mpaka kutsokomola.
Mu Harare muno? Wopanda wenzulo?
Mwanawe, adzakuberani ndi maso omwe.

Mpikisano unagwa mu Ogasiti,
mphepo ikunyamula fumbi ndi mapepala a shuga.
A ku Bulawayo anafika usiku pabasi, maso ali psuu,
koma kuthamanga ngati agona masiku awiri.
Khumi ndi ziwiri uku, khumi ndi ziwiri uko.
Chotsala chimodzi.

Tichaona anaponya patali, mphepo n'kuchikhotetsa,
ndinachitsata pakamwa pali gwaa,
ndinalumpha, ndinachigwira ndi zala zitatu,
ndinatera.
Anzanga anali kale m'mwamba, kukuwa.

Palibe anaona phazi.
Ine ndinaliona.
Chala cha nsapato yanga ya pa Mupedzanhamo
chinali pa laimu, theka la inchi,
ndipo ine ndimadya za theka la inchi,
ndikudziwa kuti ndi pamenepo diresi imakana kutseka.

Mtima unati khala chete, watopa nawe.
Unati tangoganiza nkhope ya bambo ukalowa ndi chikho.
Ndinaima nthawi yokwana kulowetsa ulusi pasingano
dzanja likunjenjemera.
Kenako ndinati, ndaponda mzere.
Mawu anatuluka aang'ono, ndinachita kubwereza.

Tinaluza patangopita mphindi zitatu.

Tichaona sanandilankhule mpaka pageti.
Pabwalo tinapanga bwalo lina, mapewa kugundana,
ife ndi iwo mosakanikirana, thukuta limodzi,
ndipo mtsikana wamtali, Sikhanyisiwe,
anandionetsa malaya ake ong'ambika m'khwapa
n'kufunsa nambala yanga ya foni.
Malaya khumi ndi asanu ndi limodzi, ofiira, pofika Okutobala.
Sindinamutsitsire mtengo.

Mukombi ndinakhala pampando wotentha wa painjini,
bondo likutuluka timagazi, chikwama pamiyendo.
Kunyumba magetsi kunalibe.
Bambo anafunsa mumdima ngati anatibera.
Ndinati ayi.
Anati nanga chikho?
Ndinawafotokozera.
Anakhala chete, wailesi ya mabatire ikulira yokha,
kenako anati nsapatozo usalowe nazo,
ndakolopa.

Zili pakhomo mpaka pano.
Laimu uja sanachoke kuchala,
ndipo Lachitatu ndi mawa.